Mafuta odzola opanga ndekha anandiwenga: mmene ndinapezera chimene chinalakwika

Ndimakhala chakufupi ndi Chitakale kuno ku Mulanje, ndipo pakhomo ndili ndi kaokala. Masiku ano amayi ambiri ayamba kupanga okha mafuta odzola, ena a banja lawo, ena ogulitsa. Inenso ndinapanga, ndipo ndinayenda ndi mabala akuda kumaso ndi m'khosi kwa miyezi pafupifupi 6. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti sindinavulale ndekha, ndinavulazanso mwana wa eni. Ndifotokoza mmene zinayendera, ndi ndalama zomwe, kuti wina amene khungu layamba kumuvuta asataye nthawi pomwe ine ndinataya.

Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo la losheni limene tinkadzola banja lonse linafika poti ukaligula, ndiwo za masiku angapo zapita. Pakhomo pathu tilipo anthu 6. Chakumayambiriro kwa 2024 ndinaonera kanema pa Facebook, mayi wina akufinya mafuta a mapeyala. Kwathu kuno mu Febuluwale ndi Malichi mapeyala amachita kuwolera pansi pa mitengo, ndiye ndinati bwanji ndiyese. Ndinkachotsa mnofu wake, kuukanya, kuuika mumphika pamakala ochepa n'kumatakasa mpaka ude bii, kenako n'kufinya pansalu yoyera. Mapeyala 30 sanadzaze n'komwe botolo la theka la lita, koma mafuta ake anali okongola, obiriwira, ndipo pakhungu ankalowa bwino.

Mu Juni chiperoni chitagwira, ana miyendo inayamba kutuwa, ine zidendene kung'ambika. Ndinafuna mafuta olimba ngati Vaseline, osati oyenderera. Mlimi wina wa njuchi wa m'munsi mwa phiri, chaku Likhubula, anandigulitsa phula. Linali lodera ngati dothi lonyowa, lonunkhira utsi ndi utomoni, ndipo mkati mwake munali tizinyalala. Ine kuderako ndinakutenga ngati umboni woti phulalo ndi lenileni, losasakaniza. Ndinasungunula gawo limodzi la phula m'magawo anayi a mafuta a peyala ndi a kokonati, ndikuyeza ndi kapu ya tiyi. Otsala m'poto ndinawaonjezera phula n'kuwathira m'tizibotolo kuti akhale opaka milomo.

Kuyesa ndinayesa ndithu. Ndinapaka pang'ono pamkono, kudikira mphindi 10, osamva kanthu, basi n'kunena kuti ali bwino. Ndikanadziwa nthawi imeneyo kuti mphindi 10 sizikuuza chilichonse. Pali zinthu zimene zimakuwawa pompopompo, koma chinthu chimene thupi lako ladana nacho chimatha kudikira tsiku limodzi, awiri kapena atatu chisanaonekere, ndipo nthawi zina thupi limayamba kudana nacho utachidzola kale milungu yambiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine sindinafunse namwino, sindinafunse wa kufamase, sindinafunse ngakhale mwini njuchi kuti phulalo analikonza bwanji.

Poyamba zonse zinayenda bwino kwambiri. Miyendo ya ana inasalala, zidendene zanga zinatsekeka. Anzanga a kumpingo ataona anayamba kupempha, ndipo mu Julaye ndinatenga ngongole ya K120,000 ku banki m'khonde. Ndinakwera minibasi kukagula tizibotolo ndi mafuta a kokonati ku Limbe, n'kuyamba kugulitsa kabotolo kamodzi K2,500. Ndinkauza aliyense ndi mtima wonse kuti awa ndi achilengedwe, mulibe mankhwala, sangakuwengeni.

Mu Ogasiti m'mphepete mwa milomo yanga munayamba kusendeka, zikope kuyabwa, makamaka usiku. Ndinati ndi mphepo ndi fumbi la mwezi umenewu. Milomo ikauma ndinkapakanso mafuta anga omwewo, kasanu kapena kuposa patsiku. Pamimba ndi m'ntchafu panatuluka tinsungu toyabwa, ndinati mwina ndi sopo wochapira. Chizindikiro choyamba chinali chimenechi, ndipo ndinachidutsa osachiona, chifukwa m'mutu mwanga mafuta anga sakanakhala olakwa.

Mu Sepitembala ndi mmene ndinalakwitsa kwambiri. Makasitomala ankati mafutawo ndi abwino koma sanunkhira, ena ankafunsa ngati ndili ndi ochotsa mabala a ziphuphu. Pagulu lina la WhatsApp anthu ankatamanda mandimu kuti amayeretsa khungu. Ndinasenda makoko a mandimu ambiri, kuwanyika m'mafuta milungu iwiri mpaka mafutawo ananunkhira ndimu. Ndinadula alovera wa kuseri kwa nyumba n'kupala mkati mwake, pamodzi ndi madzi achikasu aja amene amadontha ukangodula tsamba. Ndinathiramonso perefyumu wa mafuta amene ndinagula ku Limbe m'kabotolo kopanda dzina, osawerenga madontho. Zinthu zitatu zatsopano tsiku limodzi, m'poto imodzi, ndipo sindinalembe paliponse. Ndinadzaza tizibotolo 40, pakutha pa milungu ingapo 27 tinali titagulidwa.

Loweruka lina chakumapeto kwa mweziwo kunali maliro m'mudzi mwathu. M'mawa ndinasamba, kudzola mafuta atsopanowo kumaso, m'khosi ndi m'manja, n'kupita. Kumanda tinakhala padzuwa kuyambira masana mpaka cha m'ma 3 koloko, ndipo dzuwa la nthawi imeneyo mukulidziwa. Tsiku limenelo sindinamve kanthu. Lamlungu madzulo masaya ndi khosi zinayamba kutentha, osati kuyabwa ayi, kutentha ngati wandithira madzi a pamoto. Pofika Lachiwiri panali matuza, ena aakulu ngati nyemba. Nditadziyang'ana pagalasi ndinaona chinthu chodabwitsa: m'khosi munali mizere inayi yotupa, yofanana ndendende ndi zala zanga mmene ndinadzipakira. Pomwe panathera bulauzi, pomwepo ndi pomwe panathera matuza, ngati wina wajambula ndi rula.

Mizere ya zalayo apongozi anga ataiona anagwira pakamwa. Anati, "Mwana wanga, izi si zachabe. Bizinesi yako yayenda msanga, anthu sakondwa." Sindikuwanyoza, ankandifunira zabwino, ndipo nanenso usiku umenewo ndinagona ndi mantha. Ena anati ndi nyama ya pamaliro, ena sopo, ena madzi a pamjigo. Ndinasiya nyama, ndinasintha sopo, ndinayamba kusamba madzi a nimu, zonsezi sabata imodzi. Mnzanga wina anati ndipake soda wophikira wosakaniza ndi madzi, ndipo anandiwawa moti ndinalira misozi. Chinthu chokhacho chimene sindinasiye ndi mafuta anga. Pamatuza sindinkapaka, koma thupi lonse ndi milomo ndinkadzolabe.

Ndinkachita manyazi kupita kuchipatala, komanso ndinkaopa kuti mbiri ikamveka malonda atha. Choncho ndinapita kumsika ndikudzifunditsa chitenje kumutu. Mnyamata wina wogulitsa zodzoladzola anandipatsa kachubu ka K3,500, akuti kamachiritsa chilichonse cha pakhungu. Kunena zoona, pamasiku atatu kuyabwa kunaleka, kutupa kunaphwa. Ndinasangalala, ndinagulanso kachubu kena, n'kumapaka kumaso m'mawa ndi madzulo kwa milungu itatu. Kenako pachibwano ndi m'mbali mwa mphuno munatuluka tiziphuphu tambirimbiri tofanana, khungu la m'masaya linayamba kunyezimira ngati lapyapyala. Nditasiya masiku awiri okha, kuyabwa kunabwerera kuposa poyamba. Milungu itatu imeneyo ndi imene ndimaidandaula kwambiri, chifukwa kachubuko kanangophimba moto ndi phulusa, ine n'kumapitiriza kugulitsa.

Chimene chinandidzutsa chinachitika m'mawa wina mu Okutobala. Ndikutsegula kaokala, ndinaona mayi wina wa kumpingo kwathu ataima ndi mwana wake wamkazi wa Fomu 3. Mtsikanayo anali atazolika, sankafuna kundiyang'ana. Mayiyo anamugwira chibwano n'kumudzutsa nkhope, n'kunena motsitsa mawu, "Achemwali, taonani zimene mafuta anu amuchita mwanayu." M'masaya onse awiri munali zigamba zakuda, tsaya lamanja mochita kuoneka pomwe panadutsa chala. Anali atagula mafutawo kuti achotse mabala a ziphuphu, n'kumadzola m'mawa popita kusukulu wapansi, ulendo wa ola lathunthu padzuwa. Masiku anayi anali asanapite m'kalasi chifukwa cha manyazi. Miyendo yanga inazizira. Apa panalibenso za anthu ansanje kapena nyama ya pamaliro. Mabala ake anali ngati anga, ndipo chimene tinkafanana ine ndi iye chinali kabotolo kamodzi komweko.

Atachoka ndinatsegula tizibotolo 13 timene tinatsala. Mwa tinayi, madzi anali atalekana ndi mafuta, pamwamba pali timadontho ta nguwi, fungo lake ngati la phala losasa. Bambo a ana anga anangoti, "Mawa tonse kuchipatala, pamodzi ndi mwana uja. Zonse zimene munathiramo muzinyamule."

Tinapita kuchipatala china cha mishoni. Ndinayala zonse patebulo la adokotala: phula, mabotolo a mafuta, tsamba la alovera, perefyumu, kachubu ka kumsika. Anayamba ndi kachubuko. Anandisonyeza timalemba ting'onoting'ono ta m'mbali, clobetasol propionate 0.05%, n'kundiuza kuti amenewa ali m'gulu la mankhwala amphamvu kwambiri a mtundu wa steroid, operekedwa ndi dokotala pa matenda ena a khungu kwa nthawi yochepa, ndipo si opaka kumaso mwachisawawa. Amapyapyalitsa khungu, amatulutsa ziphuphu, ndipo ukawasiya vuto limene anabisa limabwerera ndi ukali. Amapezekanso m'zodzola zambiri zoyeretsa khungu. Kenako anandifunsa kuti chilichonse ndinathira chochuluka bwanji komanso tsiku liti. Ndinalephera kuyankha bwinobwino, ndipo ndinayamba kudziteteza kuti zonsezo ndi zachilengedwe. Anandiyang'ana mokoma mtima n'kuti, "Mayi, chitedze nachonso n'chachilengedwe."

Anatenga nthawi kundifunsa mwezi ndi mwezi, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa kuti pathupi panga panalibe vuto limodzi. Matuza ndi mabala akuda, anga ndi a mtsikana uja, anati ndi ntchito ya mandimu ndi dzuwa. M'makoko a mandimu muli zinthu zotchedwa furocoumarin, zimene zimasungunuka bwino m'mafuta. Zikakhala pakhungu n'kuwombedwa ndi dzuwa zimaotcha, kupsako kumayamba kuoneka patatha pafupifupi tsiku limodzi n'kufika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako pamatsala bala lakuda lokhalitsa miyezi. Dzina lake analilemba m'kabuku kanga ka kuchipatala, phytophotodermatitis. Zimenezi sizisankha munthu, zingagwire aliyense amene wadzola zokwanira n'kukhala padzuwa. Umboni wake ndi womwe ndinauona pagalasi: zimagwira pokhapo pofika dzuwa, ndipo zimatsata pomwe panadutsa dzanja.

Koma milomo, zikope ndi tinsungu ta pamimba anati ndi nkhani ina. Zinayamba mu Ogasiti mandimu ndisanawathire, zinali ngakhale mobisika mosafika dzuwa, zinkayabwa osati kutentha, ndipo m'mafuta opaka milomo munalibe ndimu. Mtsikana uja analibe zimenezi, ana anganso analibe. Apa anati pali chinthu chimene thupi langa lokha ladana nacho, ndipo tiyenera kuchisaka. Za soda anandiuza kuti khungu la munthu limakhala ndi kaasidi pang'ono, pa muyeso wa pH limakhala cha pa 5, pomwe soda ali cha pa 8 kapena kuposa, madzi a ndimu cha pa 2. Zonse ziwirizi zimaononga chitetezo cha khungu, makamaka losupuka kale. Za nguwi anati mnofu wa alovera pafupifupi wonse ndi madzi, ndipo chodzola chilichonse chokhala ndi madzi koma chopanda mankhwala otetezera kuwola chimaswa tizilombo m'masiku ochepa, makamaka kukatentha komanso anthu akamapisamo zala. Madzi achikasu a alovera aja nawonso amayabwitsa anthu ambiri.

Malangizo ake anali osavuta kumva koma ovuta kupirira. Kusiya zonse. Kusamba madzi ofunda pang'ono, kumaso osapaka sopo, kudzola Vaseline woyera yekha wopanda fungo, kuvala chipewa kapena kufunda ambulera. Anandipatsa kirimu wofatsa wa hydrocortisone woti ndipake masiku owerengeka okha, ndi mapiritsi ochepetsa kuyabwa usiku. Anati zikapanda kusintha adzanditumiza kwa madokotala a khungu ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ndikadzaona mafinya, kutentha thupi, kutupa lilime kapena kubanika, ndisadikire kucha. Masiku 10 oyamba anali owawa. Nkhope inasendeka, kuyabwa kunkandidzutsa pakati pa usiku, ndipo kangapo ndinalakalaka kubwerera kwa mnyamata wa kumsika uja. Ndinawenga zikhadabo zonse kuti ndisadzikande kutulo. Sabata yachitatu milomo inapola koyamba chiyambire Ogasiti.

Nthawi yomweyo ndinali pa ntchito ina yowawa, yolondola tizibotolo 27 tija. Ndinayenda khomo ndi khomo, ena ndinawaimbira foni, ndipo kubanki m'khonde ndinaimirira pamaso pa amayi onse n'kunena kuti amene ali ndi mafuta onunkhira ndimu asiye kudzola. Ndinapeza 19. Aliyense ndinamubwezera K2,500 yake, ena pamanja ena pa Airtel Money, zonse K47,500. Amayi ena atatu anandisonyeza mabala m'manja ndi pachipumi amene ankaganiza kuti ndi kupsa ndi dzuwa wamba. Tizibotolo 13 totsala, ta ndalama zokwana K32,500, ndinakakhuthulira m'dzenje. Za mtsikana uja, mayendedwe ndi mankhwala, ndinalipira K18,000, zanga K14,000, kuonjezera K7,000 ya machubu awiri aja. Ngongole ndinalephera kubweza pa nthawi yake, moti pogawana ndalama mu Disembala anandidula, ndinabwera kunyumba ndi zochepa kwambiri, Khirisimasi ili pafupi.

Kusaka chondiwenga ndinayamba mu Disembala, khungu litapola ndipo patatha milungu ingapo ndisakupaka kirimu aliyense. Adokotala anachenjeza kuti ukayesa pakhungu lodwala chilichonse chimaoneka cholakwa, ndipo ukayesa uli pa steroid cholakwa chimabisala. Njira yake ndi iyi mmene anandiphunzitsira. Umasankha malo mkati mwa mkono, pafupi ndi popindikira chigongono, aakulu ngati ndalama yachitsulo. Umapakapo chinthu chimodzi chokha, m'mawa ndi madzulo, pamalo omwewo, kwa masiku 7 mpaka 10. Ndinagula kope la ana asukulu, tsamba lililonse chinthu chake, ndipo tsiku lililonse ndinkalemba deti ndi zimene ndaona. Malowo ndinkawazunguliza ndi bolopeni kuti ndisasokoneze. Pali chinthu china chimene mavidiyo ambiri sanena chifukwa amaonetsa anthu oyera khungu: kwa ife akuda kufiira sikuoneka msanga. Uyenera kuyang'ana pakuwala kwa panja ngati malowo adera kapena atuwa kusiyana ndi pozungulira, n'kumasisita ndi chala maso ali chitsinzinire kuti umve ngati pali tinsungu kapena kukhakhala.

Mandimu sindinawayese. Adokotala anakaniza, anati palibe chifukwa chodziotchanso pofuna kutsimikiza chinthu chodziwika kale. Madzi achikasu a alovera ndi mafuta a nguwi aja sindinayesenso. Ndinayamba ndi mafuta a kokonati kudzanja lamanzere, a peyala kumanja. A kokonati masiku 10 anatha bwinobwino. A peyala, amene ndinafinya mu Malichi n'kuwasunga pawindo m'botolo loonekera mkati, anali atayamba fungo loipa ngati mtedza wakale, ndipo ankandinyerenyetsa pang'ono ndikangopaka, koma tinsungu sanatulutse. Ndinawataya. Mafuta akhalitsa pakuwala ndi potentha amaonongeka, ndipo mphuno imadziwa msanga ngati ukufuna kumva.

Wachiwiri anali perefyumu, amene ine ndi adokotala omwe tinkamukayikira kwambiri, popeza zonunkhiritsa zili m'gulu la zinthu zimene zimawenga anthu kawirikawiri m'zodzola. Ameneyu sayesedwa yekha wosasungunula. Ndinathira dontho limodzi mu sipuni ya tiyi ya mafuta a kokonati, amene ndinali nditawadziwa kale kuti sandivuta, zomwe zimakhala pafupifupi gawo limodzi pa 100. Kudzanja linalo ndinapaka mnofu woyera wa alovera, wotsuka bwino, wodula tsiku lomwelo. Ndinkayembekeza kuti tsiku lachitatu ndiona zinthu. Masiku 10 anakwana, manja onse awiri ali bwinobwino. Ndinakhumudwa, chifukwa ndinali nditatopa ndipo ndinkafuna nkhaniyi ithe.

Linatsala phula, limene ndinaliika kumapeto chifukwa mumtima ndinkati silingakhale limenelo. Uchi ndimadya chiyambire ubwana, ndipo mafuta a phula ndinadzola miyezi iwiri yathunthu popanda vuto. Mu Januwale ndinasungunula kachidutswa m'mafuta a kokonati n'kuyamba. Tsiku loyamba, palibe. Lachiwiri, palibe. Lachitatu madzulo ndikutsuka mbale ndinazindikira kuti ndikukhuza mkono pachitenje. M'mawa wa tsiku lachinayi ndinatuluka panja n'kusisita ndi chala: mkati mwa mzere wa bolopeni munali tinsungu ting'onoting'ono tothithikana ngati mapira, malowo atadera, kuyabwa kwake komwe kuja kwa pamimba ndi m'zikope. Ndinasiya kupaka pomwepo, komabe tsiku lotsatira tinadutsa mzere, ndipo panatenga masiku oposa 10 kuti papole. Ndinakhala pakhonde ndi kope langa m'manja, mtima uli pawiri, chisoni ndi mpumulo. Kuyambira Ogasiti ndinkapaka pamilomo yosendeka chinthu chomwecho chimene chinkaisenda.

Nditabwerera ndi kopelo, adokotala anandifotokozera kuti njuchi zimatola utomoni m'mitengo n'kumamatira ming'alu ya mng'oma, ndipo utomoni umenewu, umene m'mabuku amautcha propolis, umadziwika kuti umawenga anthu ena, makamaka pamilomo. Phula losasefa bwino, lodera ngati langa lija, limakhala nawo wambiri. Anati miyezi iwiri yoyamba ija thupi linali likuphunzira kudana nawo, ndipo likaphunzira nthawi zambiri siliiwala, moti ngakhale pang'ono pokha pamadzutsa vuto. Mlimi wa njuchi uja sanalakwe chilichonse, phula lake anthu ambiri sangavutike nalo, ana anga omwe silinawachite kanthu. Tsopano ndikamagula chopaka milomo kapena kirimu ndimawerenga kuseri kwa botolo, ndikaona mawu akuti beeswax, cera alba kapena propolis ndimabwezera pashelefu.

Mu Febuluwale mapeyala atapsanso ndinafinya mafuta atsopano ochepa, kuwayesa masiku 10, ndipo sanandivute. Amenewo ndi amene ndimadzola pano, osakaniza ndi a kokonati basi, m'botolo lakuda losungidwa m'kabati, deti lopangira litalembedwa papepala lomata. Ndimapanga okwana mwezi umodzi kapena iwiri. Alovera ndikamufuna ndimadula tsamba, kuliimika kuti madzi achikasu adonthe, kutsuka, kupaka tsiku lomwelo, osamusakaniza m'mafuta osunga. Ndikafuna kuonjezera chinthu chatsopano ndimaonjezera chimodzi, n'kudikira milungu iwiri ndisanaganize za china. Ndinagulanso kasikelo ka manambala, chifukwa funso la adokotala lija, loti munathira chochuluka bwanji, sindikufuna kudzalepheranso kuliyankha. Kugulitsa ndinasiya. Chinthu chopita pathupi la anthu ena chimayenera kukayezedwa ku Malawi Bureau of Standards n'kukhala ndi chizindikiro chonena zonse zimene zili mkati, ndipo ine ndinkagulitsa tizibotolo topanda ngakhale dzina. Munthu wodziwa kuti phula limamuwenga sakanadziwa n'komwe kuti lilimo.

Mabala anga anayamba kuzilala mu Januwale, ndipo pofika kumapeto kwa Malichi munthu ankayenera kundiyandikira kuti awaone. Sindinapakepo choyeretsa chilichonse ngakhale ambiri ankandiuza kutero. Chinathandiza ndi chipewa, ambulera ndi kudikira. Mtsikana uja ake anachedwerapo tsaya lamanja, chifukwa ulendo wa kusukulu sakanauthawa, ndiye ndinamugulira chipewa cha khonde lalikulu. Mayi ake anakhala miyezi itatu osaponda pakaokala panga. Tsiku lina mu Epulo anabwera kudzagula shuga ndi machesi, tinapatsana moni, ndinafunsa za mwana, anati ali bwino ndipo akukonzekera mayeso.

Tizibotolo 8 sindinatipeze. Tisanu anagula mayi wina wodutsa amene anati akupita nato kwa abale ake ku Muloza, ndipo sindinatenge nambala yake. Titatu tinagulidwa tsiku limene ndinasiya mwana pakaokala, iye sakumbukira nkhope zawo. N'topanda dzina, ta chivindikiro choyera, mafuta ake obiriwira monkera kuchikasu, onunkhira ndimu. Ngati kena kali kwanu kapena kwa m'bale wanu chakumalireko, musadzole, katayeni.